Zimene Ndinkathira mu Munkoyo wa Bashi Chola

1

Achibale a mwamuna wanga amanditcha mfiti. Ku Woodlands kuli azimayi amene akandiona amakokera ana awo kumbali. Ndakhala chete zaka zitatu, koma zandikwana. Kudyetsa mwamuna ndinamudyetsadi, sindikukana. Chokhacho, mumve kaye zonse musanatole miyala. Mayina ndasintha, ndipo chifukwa chake muchiona kutsogoloku.

Munditchule Exildah. Kwathu ndi ku Katete, ndipo ndimagulitsa zitenje ku Kamwala. Mwamuna wanga Oswell ndi Mbemba wa ku Luapula, wogwira ntchito mu ofesi ina ya boma ku Longacres. Mwana wathu woyamba ndi Chola, ndiye kwawoko ine ndinali bana Chola, kutanthauza mayi a Chola, iye bashi Chola, bambo a Chola.

Pofika 2011 tinali titakhala m'banja zaka khumi ndi zisanu. Zisanu zomalizazo tinkagona ngati munthu ndi mlongo wake. Ndikamukhudza paphewa ankatembenukira kukhoma.

"Nalema, bana Chola. Nchito yachuluka."

Kutopa kwa zaka zisanu! Kodi ku Longacres amaswa miyala? Chibwenzi ndinachifufuza, m'foni, m'matumba, ngakhale pansi pa mpando wa galimoto, osapeza kanthu. Munthuyo ankafika panyumba dzuwa lisanalowe, Lamlungu ali kutsogolo kutchalitchi. Chimene ndinkaona n'chakuti mimba yake inkangokula.

Kenako mkulu wake Edmond anagwa pamalo okwerera minibasi, n'kufera pomwepo. Anati mtima. Titabwerako kumaliro ndinamugwadira Oswell.

"Bashi Chola, tiyeni kuchipatala akakuyezeni. Ndipita nanu."

"Awe. Ine nili chabe bwino. Chipatala ni cha odwala."

Ndinamupempha kanayi konse. Ulendo wachinayi anamenya tebulo mpaka makapu analira, ndipo nkhaniyo ndinaisiya.

2

Ine ndinapita ndekha kukayezetsa. Anandipeza ndi mafuta ambiri m'magazi, aja madokotala amati kolesitero, n'kundilembera mapiritsi otchedwa simvasitatini, limodzi madzulo aliwonse. Adokotala analankhula zambiri: ndiwauze mankhwala ena onse amene ndikumwa, ndisamwe ngati ndili ndi pakati, ndikamva kuphwanya m'minofu kapena mkodzo ukada ndithamangire kuchipatala, ndipo ndisagawireko munthu. Ndinkangoti eya, eya, mtima uli kushopu kumene ndinasiya kasitomala wa zitenje za ukwati. Kapepala ka m'bokosi ndinakataya osawerenga.

Patatha miyezi itatu anandiyezanso, mafuta atatsika bwinobwino. Ndinakauza Salifyanji, mnzanga wa shopu yoyandikana nayo. Uyo ankadziwa za kukhoma zija, chifukwa tsiku lina ndinalirira pamiyendo pake.

"Manje imwe simuona?" anatero akupinda chitenje. "Ba Oswell mafuta yatseka mizipe. Galimoto ngati paipi yatsekeka, injini siyaka. Bapaseni yamene mukumwa imwe."

"Sangalole. Ngakhale panado amakana."

"Nanga mufunika kubafunsa? Mwamuna ni mwana, mwandi. Mwana sumamufunsa."

Tinaseka mpaka misozi. Koma pokwera minibasi madzulo amenewo sindinkasekanso, ndinkawerengera masiku. Ndinkaopa kukhala namfedwa ngati mkazi wa Edmond, ndiponso, ndinene chilungamo, ndinkafuna mwamuna wanga. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zokha.

Ndinakagula mabokosi ena kusitolo ya mankhwala m'tauni, n'kunena kuti ndi anga. Oswell ankakonda munkoyo, chakumwa chija cha ufa ndi mizu, kapu yaikulu akatha kudya madzulo. Ndinkaphwanya mapiritsi ndi supuni pambale n'kutakasa m'kapumo. Osati limodzi, awiri. Ndinati munthuyo ndi wamkulu thupi, limodzi lingomuseka.

Ankamwa, n'kupukuta pakamwa.

"Munkoyo wanu, bana Chola, palibe wina mu Lusaka."

Ine ndinkamwetulira n'kutenga kapu kukatsuka.

3

Sabata yachitatu anayamba kudandaula ntchafu. Kenako mapewa, kenako msana. Ankatsika m'galimoto ngati nkhalamba. Anati ndi malungo, n'kumwa panado amene ankamukana uja.

Lachitatu m'mawa ndinalowa kuchimbudzi iye atangotuluka, ataiwala kugujumula. Mkodzo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mawu a adokotala aja anandibwerera, koma ndinawakankha. Ndinaimbira Salifyanji.

"Ndiye mafuta yamene yachoka ayo!" anatero. "Yasungunuka. Musaleke manje, muzaononga."

Ndipo sindinaleke. Apa ndiye pamene ndimadzida kwambiri, kuposa pena paliponse. Ndinaona ndi maso angawa, ndinali nditachenjezedwa, koma ndinasankha kumvera wogulitsa nsalu. Lachitatu ndinathira. Lachinayi ndinathira. Lachisanu ndinathiranso, munthu akubuula pampando.

Loweruka m'mawa analephera kudzuka. Miyendo inakana. Nkhope inali itatupa, ndipo anati kuyambira dzulo lake sanakodze. Anthu awiri a nyumba yoyandikana nafe anamunyamulira m'galimoto.

"Bashi Chola, musandisiye," ndinkatero m'njira monse.

Iye ankangoyang'ana kudenga kwa galimoto, milomo itauma.

4

Pofika masana alongo ake anali atafika kuchipatala. Wamkulu ndi ba Petronella a ku Kabulonga, mayi wa mawu ngati wailesi, amene sanandikondepo chiyambire. Ankati mchimwene wawo anasiya akazi onse a ku Luapula n'kukatola wakum'mawa wodya mbewa. Wamng'ono ndi Lukonde, amene ntchito yake ndi kuvomereza zimene mkulu wake wanena.

Dokotala anali mayi wachichepere, ba Chalwe. Anabwera ndi mapepala, nkhope ili gwa.

"Minofu yawo ikuphwanyika," anatero. "Zophwanyikazo zikutseka impso. Tawaika diripu, koma ndiyenera kudziwa chimene chayambitsa, apo ayi impso zifa, ndipo nawonso tingawataye. Bambo, mukumwa mankhwala anji?"

"Palibe," anatero Oswell.

"Ganizani bwino. A kuchipatala, a zitsamba, ogula pamsewu, alionse."

"Panado chabe."

"Mulongo wanga samwa mankhwala," analowerera ba Petronella. "Funsani uyu wamene amupikila. Ise tinaona kudala kuti muntu afooka, mukazi anenepa."

Ndinayang'ana Oswell. Maso ake anali atalowa, manja atatupa ngati mabanzi. Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa pamaso pa azimayi awiriwa, dzina langa latha. Ndinadziwanso kuti ndikatseka, tikaika maliro achiwiri.

"Adokotala, ndine," ndinatero. "Ndakhala ndikuwathirira mapiritsi anga a mafuta m'chakumwa. Simvasitatini. Awiri tsiku lililonse, mwezi wathunthu."

Pomwepo mbama ya ba Petronella inandipeza kukhutu, mpaka ndinagwera pa kabati.

"Mayo! Wamudyesa! Wavomela na pakamwa pake!" ba Petronella anakuwa, wodi yonse kumva. "Mfwiti! Unapaya Edmond, manje ufuna Oswell, utenge nyumba!"

"Mfwiti!" anatero Lukonde.

Edmond ndinamupha ine? Munthu woti ankakhala kutali nafe, amene ndinkamuona pa Khirisimasi pokha? Ndinafuna kumubwezera mbamayo, Mulungu ndi mboni, koma anamwino anatikokera kunja tonse.

Ba Chalwe ananditsatira pakhonde. Sanandinyengerere.

"Mwachita chinthu choopsa kwambiri, mayi. Mankhwala amenewa ndi abwino, apulumutsa anthu ambiri, koma sapatsidwa mwakuba. Mwachita bwino kunena." Anayang'ananso mapepala ake. "Komabe pali chimene sichikundikwanira. Mapiritsi awiriwo angapweteke munthu, inde, koma kufika apa m'mwezi umodzi, nthawi zambiri pamakhala china chimene chawombana nawo m'thupi. Dikirani pano. Ndikufuna ndilankhule nawo okha."

Analowa n'kutseka chitseko. Ndinakhala pabenchi, khutu likulira, alamu anga ali tsidya linalo akuimbira mafoni Luapula yense.

5

Panadutsa pafupifupi ola. Ba Chalwe anatuluka n'kundikodola.

"Akufuna inu nokha."

Ba Petronella anadzuka. "Muzamusiya na mfwiti?"

"Wodwala wasankha," anatero dokotala, n'kuima pakhomo.

Oswell sanandiyang'ane. Ankalankhula ndi khoma, khoma lomwe lija ankalikonda.

"Bana Chola, mu ofesi, mu dilowa ya pansi, muli botolo. Makiyi yali mu jekete. Ba dokota bafuna kuona."

"Botolo la chiyani?"

"Ma ARV."

Ndinaganiza kuti khutu lomenyedwa lija likundinamiza.

"Mwati chiyani?"

"Nili na kachilombo. Banipeza mu 2006. Nimatenga mankhwala ku Chelstone, kwamene sibaniziba. Chaka chatha bananichinjila, yakudala yanaleka kusebenza."

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni. Zaka zisanu. Zaka zisanu ndikudzifunsa ngati ndanyansa, ngati ndikununkha, ndikugula mafuta odzola a mtundu uliwonse ku Kamwala. Zaka zisanu ndikusala kudya kutchalitchi kuti Mulungu andibwezere mwamuna. Munthu akumwa mapiritsi ake mu ofesi ngati akuba shuga, n'kubwera kunyumba kudzamenya tebulo kuti chipatala n'cha odwala!

"Ndiye kutopa kuja?"

"Ninayopa kukupasani."

"Munaopa kundipatsa, koma simunaope kundibisira? Nanga zaka za m'mbuyozo, musanadziwe? Simunaganize kuti mwina ndili nako kale, ndikufa pang'onopang'ono osamwa kanthu? Nanga ana?"

"Ninayopa kuti muzayenda."

"Ndipo lero, dokotala atakufunsani pamaso panga, impso zikufa, munati palibe! Munalolera kufa kusiyana n'kunena! Munagona pamenepo phee mlongo wanu akundimenya!"

Analira. Ine sindinalire, ndinali nditapsa mtima. Sindinakwiye chifukwa cha kachilomboko ayi. Ku Kamwala ndili ndi anzanga angapo amene amamwa ma ARV poyera, onenepa kuposa ine, ana awo ali kusukulu. Chinandiwawa ndi bodza.

Ndinakatenga botololo. Ba Chalwe ataliwerenga anagwedeza mutu. Anandifotokozera kuti mtundu wa ma ARV amene anamusinthira uja umachititsa kuti simvasitatini asatuluke m'thupi, amangounjikana mpaka kuyamba kudya minofu. Awiriwo samwedwa pamodzi. Anati Oswell akanapita yekha n'kunena zoona, akanamuyeza n'kumupatsa mtundu wina wa mankhwala a mafuta woyenerana ndi ake, pamlingo woyenera, popanda vuto.

Oswell anagwira dzanja langa ndisanatuluke, akuchonderera.

"Napapata, musauze ba Petronella."

Ndinachotsa dzanja langa n'kutuluka.

6

Anakhala m'chipatala masabata atatu. Kanayi anamulumikiza ku makina otsuka magazi. Impso zinadzuka, ngakhale sizinabwerere mwakale. Ine ndinakayezetsa pamodzi ndi ana. Tonse atatu tinapezeka tilibe. Anamwino anati zimachitika, wina kukhala nako wina ayi. Ndinathokoza Mulungu, koma mkwiyo sunatsike ngakhale pang'ono.

Atatuluka, banja linaitanitsa msonkhano kunyumba kwathu ku Woodlands, Loweruka masana. Anabwera amalume awo ba Mpundu kuchokera ku Mansa, alongo awiri aja, ndi ena odzaza pabalaza. Kumbali yanga kunali mng'ono wanga Anita yekha. Anandikhazika pamphasa pakati, m'nyumba yanga yomwe, pa kapeti amene ndinagula ndekha.

Ba Mpundu anali munthu wofatsa. Anandifunsa ngati ndinathiradi mankhwala m'chakumwa cha mwamuna wanga iye osadziwa.

"Ndinathira."

"Chifukwa?"

"Ndinkaopa kuti afa ngati ba Edmond. Kuchipatala ankakana. Ndinalakwa, ndipo ndikupepesa pamaso pa nonse."

"Boza!" anatero ba Petronella. "Mapilisi ya mafuta bantu bambili bakumwa, ine nikumwa, sininafe. Uyu anasakaniza na vakumunzi kwao. Dokota anakamba eka ati pali cinangu. Cinangu ni cani? Akambe!"

Onse anatembenukira kwa ine. Funso linali lolunjika, ndipo yankho ndinali nalo pa lilime. Mawu atatu okha akanandichotsa pamphasapo n'kukhazikapo wina.

Ndinayang'ana Oswell. Anali pa sofa, bulangete m'miyendo, ndodo pambali. Ankadziwa. Ankadziwa kuti chinacho chili mu dilowa yake, osati ku Katete.

"Bashi Chola," ndinatero, "afunsa kuti china n'chiyani. Ayankheni."

Anayang'ana pansi.

"Bashi Chola, ine mbali yanga ndinanena pamaso pa anthu kuti inu mukhale ndi moyo. Nenani yanu."

Anakonza bulangete. Anatsokomola. Kenako anati, "Ine sinikumbukila bwino. Ninali odwala maningi."

Anita anandigwira mkono chifukwa anaona kuti ndadzuka. Ndinaima pakati pa balaza, thupi lonse likutentha. Ndikanatha kunena. Satana ankandinong'oneza kuti nena, nena, uone nkhope ya Petronella ikugwa. Koma matenda a munthu ndi ake, woulula ndi mwini wake. Ndinali nditamulowetsa kale chinthu m'thupi popanda chilolezo chake, sindinafune kumulanda chinanso.

"Chabwino," ndinatero. "Ngati sakukumbukira, inenso ndilibe mawu."

"Mwamvela? Alibe mau!" anakuwa ba Petronella. "Longa katundu!"

Ndinalongedza masutikesi awiri. Palibe anandithamangitsa ndi ndodo, ndinatuluka ndi miyendo yanga. Ndikudutsa pabalaza Oswell anatukula mutu n'kutsegula pakamwa, ndipo ndinaima kudikira. Anatsekanso.

7

Tsopano ndimakhala ku Kabwata, m'zipinda ziwiri pafupi ndi Anita. Ana amabwera kwa ine akatsekera sukulu. Ukwati sunathe kukhoti, unangoima. Salifyanji ndimamupatsa moni, koma nkhani za thupi langa sindimuuzanso. Mapiritsi anga ndikumwabe, limodzi madzulo, ndipo ndikalandira mankhwala ena alionse, ngakhale a chifuwa, ndimayamba ndanena kuti ndili pa simvasitatini.

Inu amene mukuwerenga, makamaka azimayi anzanga, ndikudziwa zimene timachita m'makhitchini. Timagawana mapiritsi ngati mchere. Timati anandithandiza ine, akuthandizanso iwe. Lekani. Simudziwa chimene chili kale m'magazi a mnzanu, ngakhale mnzanuyo mukugona naye bedi limodzi zaka khumi ndi zisanu. Mankhwala a mafuta m'magazi si oipa, ine andithandiza, koma akhale olembedwa dzina lanu ndi dokotala amene mwamuuza zonse. Zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Ndipo minofu ikayamba kuphwanya popanda chifukwa, kapena mkodzo ukada, musaimbire mnzanu wa kumsika. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Inunso abambo obisa mabotolo m'madilowa, mukuganiza kuti mukuteteza ndani? Dokotala akakufunsani kuti mukumwa chiyani, bodza lanu lingakuikeni m'manda. Ndipo mkazi amene simumuuza zoona adzadzipezera yankho lake, ndipo yankholo lingakhale loopsa kuposa zoonazo.

Ine cholakwa changa ndinachivomera, ndipo ndidzachisenza mpaka kufa. Koma ufiti sindinachite, ndipo pali munthu mmodzi yekha mu Lusaka muno amene angandichotsere dzina limeneli. Amabwera kushopu kwanga Loweruka lililonse lomaliza la mwezi, akutsimphina pang'ono, atanyamula nkhuku kapena thumba la malalanje. Amaima pakati pa zitenje n'kuvula chipewa.

"Bana Chola, bwelani kunyumba. Nyumba yazizila."

Ndimamufunsa funso limodzi lomwelo.

"Mwawauza alongo anu?"

"Nizabauza. Nikali kusakila ntawi yabwino."

Mwezi wathawu Chola, amene tsopano ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anabwera kuchokera ku Kabulonga kwa azakhali ake osadya. Ndinamupakulira, iye n'kungoyang'ana mbale. Kenako anandifunsa, maso ali pansi, ngati n'zoona kuti ndinkafuna kupha bambo ake.

Loweruka lotsatira Oswell atafika ndi nkhuku yake, sindinamufunsenso za alongo ake. Ndinamuuza kuti mwana wake akuopa kudya chakudya cha mayi ake, ndipo kuti ndamuuza Chola kuti yankho lonse lili ndi bambo ake, akawafunse Lamlungu likubwerali akatuluka m'tchalitchi. Nkhukuyo ndinamubwezera.